Abwana, tiuzeni zoona za makinawa, mitu yatentha m'maofesi

Akonzi,

Ndiloleni ndiyankhuleko za nkhani imene yavuta m'maofesi ambiri kuno ku Thyolo koma palibe amene akuitchula pamsonkhano. Ndikunena za mapulogalamu a AI, aja a pa kompyuta otsanzira nzeru za munthu, amene mabwana ayamba kutibweretsera kuntchito, ndi mmene akusowetsera tulo anthu amene akuyenera kuwagwiritsa ntchito. Ine ndine mayi, kalaliki wa malipiro pa esiteti ina ya tiyi, ndipo ntchitoyi ndinaiyamba nthawi imene tinkalemba ndi kaboni ndi kufufuza mayina m'buku lalikulu la chikuto chofiira. Dzina la esiteti sinditchula. Sindikufuna kuipitsa mbiri ya munthu, komanso zimene ndikambe pano anzanga a kumaesiteti ena, a m'ma SACCO, ngakhale a m'mashopu akuluakulu a ku Luchenza akuti kwawonso n'zomwezo.

Poyamba zinali za ana. ChatGPT itatuluka mu Novembala 2022, ife tinkangomva kwa ana a sukulu kuti kwabwera chinthu cholemba kalata yonse ukangochiuza mutu wake. Mu 2024 kanthu kozungulira kabuluu kanatulukira mu WhatsApp, ka Meta AI kaja, ndipo aliyense wa foni yamakono anayamba kukafunsa za mpira ndi za mankhwala a chimfine. Tinkaseka nazo pa nkhomaliro. Kusekako kunatha tsiku limene zinthuzi zinalowa mu ofesi ndi kalata yochokera kulikulu, yonena kuti kuyambira mwezi wamawa ntchito izigwiridwa motere.

Pulogalamu imene anatibweretsera imalandira makilogalamu kuchokera pa sikelo za kumunda, n'kuwerengera malipiro a munthu aliyense. Imaikanso chizindikiro chofiira pa dzina la munthu amene ikumukayikira, ndipo ukaiuza imakulembera kalata kapena lipoti. Ndisabise, pa kuwonkhetsa n'njachangu zedi. Mwezi wa Januwale tiyi akachuluka, mawerengero amene tinkamaliza nyali itayatsidwa tsopano amatha tisanadye nkhomaliro. Ndiye munthu asandiwerenge ngati nkhalamba yodana ndi zatsopano. Ine makinawa sindikuwakana. Chimene chikundipweteka ndi mmene anatiponyera m'manja, n'kutembenuka, n'kumapita.

Maphunziro ake anali a masana amodzi. Anabwera mnyamata wochokera ku Blantyre, waulemu ndithu, ndi laputopu yake, n'kuyamba kuonetsa zithunzi pakhoma. Zonse m'Chingerezi, Chingerezi chakenso chothamanga cha ana a masiku ano. Chapakati magetsi anathima, jenereta inali ikuthandiza kufakitale, ndiye anangopitiriza pakamwa. Atamaliza anafunsa kuti, "Pali funso?" Chipinda chonse chinangoti zii. Abwana anatenga kukhala chete kumeneko ngati umboni woti tamva. Komatu inu Akonzi mukudziwa mmene ife tinaleredwera. Munthu wa imvi sangaimike dzanja pamaso pa bwana, pamasonso pa ana amene anawaphunzitsa yekha ntchito, n'kunena kuti ine sindinatolepo kanthu. Mnyamata uja anasiya linki pagulu lathu la WhatsApp, n'kukwera galimoto.

Pali bambo wina amene desiki yawo inayandikana ndi yanga, ine ndimawatcha achimwene. Bambo amenewa minda yonse ya pa esiteti amaidziwa pamtima, nambala yake, chaka chimene inaduliridwa, ndi kapitawo amene amakonda kukangana pa sikelo. Munthu akabwera pawindo kudzadandaula kuti ndalama zake zaperewera, iwo amangomufunsa gulu lake ndi tsiku, n'kumuuza pamene pasokonekera asanatsegule buku. Pulogalamu itabwera ndinaona kuti asintha. Anasiya kudya nafe pansi pa mtengo. Nthabwala zawo zija zinatha. Munthu akawafunsa kanthu kakang'ono ankayankha mwaukali, chinthu chimene sichinali chikhalidwe chawo.

Tsiku lina inali nthawi yanga yotseka ofesi. Ndinawapeza akadali pampando, kompyuta yoyaka, pambali pake buku lachikuto cholimba limene anagula ndi ndalama zawo, ndi kakyuleta yawo yakale ija yofufutika manambala. Ankakopera dzina lililonse kuchoka pa sikirini, n'kuwerengera pamanja, n'kuchonga ndi pensulo. Ndinati, "Achimwene, simukuweruka? Kunja kwada." Anayankha osadzutsa mutu kuti, "Pitani achemwali, makiyi siyani pompo. Ndikufuna ndione ngati chinthuchi sichikundinamiza." Nditawauza kuti nanga si chinabwera kuti tizipumako, anavula magalasi n'kundiyang'ana. "Chikanama, wokaitanidwa kwa abwana ndi ine. Chikamanena zoona tsiku lililonse, ndiye kuti ine pano sindikufunikanso. Ndiye mundiuze achemwali, ndizipempherera ziti?"

Sindinawayankhe, poti yankho ndinalibe. Patapita masabata angapo a kukiliniki ya pa esiteti anawapeza ndi BP yokwera, ndipo akazi awo anandiuza kutchalitchi kuti usiku amangotembenuka, kenaka n'kudzuka kukakhala pakhonde. Kuofesi palibe amene anadziwa. Pa malipoti zonse zinkaoneka bwino, ntchito ikutha msanga, abwana akumwetulira. Palibe pamene panalembedwa kuti munthu mmodzi akugwira ntchito imodzi kawiri, kamodzi pa kompyuta kuti abwana aone, kachiwiri m'buku kuti mtima wake ukhale pansi.

Ndipo kukayika kwawo sikunali kopanda maziko. M'mudzi wina woyandikana ndi divishoni yathu ina munagwa zovuta. Anamwalira gogo amene theka la gulu lina la othyola tiyi ndi adzukulu ake, apongozi, kapena alamu a ana ake, monga zikhalira m'midzi yathu ino ya chikamwini momwe mbumba yonse imakhala pamodzi. Anthuwo anajomba kukakhala pa siwa ndi kukaika maliro. Pulogalamu inaona anthu ambiri a gulu limodzi atasowa masiku ofanana, n'kuika zofiira pa mayina onse, n'kukonza makalata a chenjezo. Mtsikana wina amene wangoyamba kumene ntchito anawasindikiza, poti anali atauzidwa kuti asamachedwetse zimene makina atulutsa. Kapitawo atalandira mulu uja anabwerera nawo ku ofesi, n'kuuika pa tebulo, n'kufunsa modekha kuti, "Mayi, makalata awa mukufuna ndikaperekere pamaliro pompo, kapena ndidikire amete kaye?"

Wokalipiridwa anali mtsikana uja. Womuyang'anira anamufunsa kuti bwanji sunaganize. Iye analira kuseri kwa ofesi, ndipo ine ndinamumvetsa, chifukwa sabata yapitayo munthu yemweyo anali atamukalipira kuti bwanji ukuchedwa, suli ndi makina? Mwana wa munthu agwire ziti? Zinachitikanso kwa mayi wina wothyola tiyi amene makilogalamu ake anakwera mwadzidzidzi. Dzina lake linafiira, malipiro ake anaimitsidwa kuti afufuze kaye ngati sanagwirizane ndi wa pa sikelo. Achimwene aja atangoona nambala ya munda anati mayiyo anamusamutsira ku munda umene unali utangophukira bwino utaduliridwa, mvula itagwanso, ndiye masamba anali ambiri. Zinali choncho ndithu. Koma mayiyo anadikira ndalama zake, ana akumuyang'ana, ndipo mudzi wonse unamva kuti akumuganizira zakuba.

Mabwana ambiri sadziwa mmene zinthuzi zimagwirira ntchito, n'chifukwa chake amazikhulupirira kuposa anthu awo. Mbali yolemba makalata ija anaiphunzitsa pa mulu wa zolembalemba za pa intaneti, zambiri za m'Chingerezi, ndipo luso lake ndi kulosera mawu amene akuyenera kutsatira mawu anzake. Mbali yoika zofiira imangoyerekeza nambala ya lero ndi manambala a m'mbuyo, ikaona kusiyana n'kukuwa. Za siwa, za kudulira tiyi, za mlatho umene wakokoloka anthu n'kulephera kuoloka, sizidziwa pokhapokha wina aziike. Choopsa chake n'choti ikalakwa siichita chibwibwi. Bodza ndi zoona imazinena ndi Chingerezi chosalala chofanana, ndipo Chichewa chake n'chopunduka poti zolembedwa m'chiyankhulo chathu pa intaneti n'zochepa. Akuluakulu anati mlendo amadza ndi kalumo kakuthwa, ndipo mabwana athu mwambi umenewu aukonda masiku ano. Inde kalumoko n'kakuthwa, koma mlendoyo sadziwa pamene pali chipsera pamutu wa wometedwa. Wodziwa ndi kalaliki ndi kapitawo amene akhala ndi anthuwa zaka zonsezi.

Musaganize kuti ovutika ndi ife akuluakulu okha. Achinyamata nawonso apanikizika, kungoti mosiyana. Poti amadziwa kugwira foni, aliyense amathamangira kwa iwo, abwana omwe, ndipo asanduka aphunzitsi opanda malipiro a uphunzitsi, ntchito yawo ili phee kuwadikira. Mtsikana wa makalata uja amagula bandulo ndi ndalama zake kuti usiku aonere mavidiyo a pa YouTube ophunzitsa zinthuzi. Ganizirani malipiro a kalaliki wongoyamba, kwacha itagwa ndi 44 peresenti mu Novembala 2023 zinthu zonse n'kukwera, ndiye agawenso ya bandulo yophunzirira ntchito ya kampani. Pamwamba pa izo ntchito yawonjezeka. Lipoti limene linkafunika pamwezi tsopano likufunika pa sabata, poti akuti nanga si mungodina. Nthawi imene makina anatipulumutsira sinafike kwa ife, inangodzazidwa ndi malipoti ena amene sindikhulupirira kuti alipo amawawerenga.

Koma muzu wa nkhawa yonseyi ndi funso limodzi limene aliyense ali nalo pakhosi: kodi chaka chamawa ndidzakhala ndikadali pano? Ife tinaona makompyuta akubwera. Mu ofesi yathu munali amayi otaipa, anthu aluso oti zala zawo sumaziona. Amene anapatsidwa mwayi wophunzira kompyuta anakhala, enawo anapita mmodzimmodzi popanda wowauza chifukwa chenicheni. Timamvanso za kunja. Mu Meyi 2023 ku Kericho m'dziko la Kenya anthu anatentha makina othyolera tiyi poopa kuti awalanda ntchito. Awo anali makina a kumunda, si AI, koma mantha ake ndi amodzimodzi, ndipo amayamba pamene anthu akuona zinthu zikutsitsidwa m'galimoto popanda wowafotokozera. Tisaiwalenso kuti Thyolo ndi Mulanje ndi madera amene agogo athu anagwira thangata. Anthu a kuno anaphunzira kalekale kuti zimene zagamulidwa pakhonde la bwana zimagwera wa pansi, ndiye bwana akakhala chete iwo amamva zoipa.

N'chifukwa chake ndikuti thandizo loyamba kwa wantchito wothedwa nzeru ndi kumuuza zoona, asanayambe n'komwe maphunziro. Ngati palibe amene achotsedwe, abwana anene pamaso pa onse, alembenso papepala. Ngati maudindo ena adzatha, anenenso, atchule nthawi, kuti munthu akonzekere, aphunzire zina, kapena aone za kamunda kake ka chinangwa ndi nthochi. Munthu wamkulu amatha kunyamula nkhani yowawa. Chimene sichinyamulika ndi mphekesera za m'khola la njinga, zoti akuti pa makalaliki onse atsala awiri, akuti mndandanda watuluka kale. Lamulo la zantchito la Employment Act la mu 2000, pa gawo 57, likuti munthu sangachotsedwe popanda chifukwa chomveka, ndipo ngati nkhani ndi ya kalephereke kapena khalidwe lake ayenera kupatsidwa mwayi wodziteteza. Komatu gawo lomwelo limalolanso kuchotsa anthu chifukwa cha kusintha kwa kayendetsedwe ka ntchito, ndipo khomo limenelo ndi limene tonse tikuliyang'ana mwamantha. Bungwe la PAWU, loimira antchito a m'maesiteti, limene mu 2016 linasainirana mgwirizano woyamba wa malipiro ndi Tea Association of Malawi, liyenera kuika nkhani ya makinawa pa tebulo lomwelo, lisadikire kuti anthu ayambe kupita ku khoti la zantchito la Industrial Relations Court ndi makalata m'manja.

Ndikuuzeniko zimene zatithandizako ife, ngakhale si zazikulu. Kunabwera mayi wina wa maakaunti, wamng'ono kwa ambiri a ife, amene anaona kuti mu ofesi muli chete wachilendo. Iye sanaitanitse msonkhano. Anangopempha abwana kuti Lachisanu lililonse tiziweruka pa desiki theka la ola nthawi isanakwane, koma osapita kunyumba, tizikhala tokhatokha popanda manijala. Tsiku loyamba anayamba yekha kunena kuti pali batani lina limene sadziwa ntchito yake ndipo amaopa kulidina. Anthu anaseka. Kuseka kumeneko n'kumene kunamasula milomo. Wina anati iye pasiwedi amailemba pachikhatho m'mawa uliwonse. Wina anati akafuna kubwerera m'mbuyo amangozimitsa kompyuta yonse. Zonse m'Chichewa, apa ndi apo Chilomwe, munthu akufunsa funso limodzi katatu popanda womuyang'ana cham'mbali.

Mayiyo anatikhazika awiriawiri, wamkulu ndi wamng'ono, ndipo ananenetsa kuti kuphunzitsanaku kukhale kwa mbali zonse. Mtsikana wa makalata uja anamuphatikiza ndi achimwene. Iye amawaonetsa podina, iwo amamuonetsa chimene nambala ikutanthauza: kuti munda uwu ndi wotsetsereka ndiye makilogalamu ake amakhala ochepa, kuti gulu ili Lachisanu ambiri amapita ku mzikiti, kuti mayina awiri ofananawa ndi anthu awiri, wina ndi mwana wa mchemwali wa mnzakeyo. Zotere palibe pulogalamu imene inabwera nazo kuchokera ku Blantyre.

Chimene chinandisangalatsa kwambiri ndi buku lija la chikuto cholimba. Mayi wa maakaunti atamva za ilo sanawaseke achimwene, kapena kuwauza kuti ataye. Anati bukulo likhale la ofesi, liikidwe poyera, ndipo aliyense akagwira pulogalamu ikulakwa azilembamo tsiku, cholakwacho, ndi mmene wachidziwira. Anati si zoti tiziwerengeranso dzina lililonse, koma pa gulu lililonse tizitola mayina ochepa n'kuwayesa pamanja, kuphatikizapo onse ofiira. Kumapeto kwa mwezi zolakwazo zimatumizidwa kwa eni pulogalamu. Ntchito imene bambo aja ankaichita mobisa usiku ngati akuba inasanduka udindo wawo wodziwika, wochitika dzuwa likuswa mtengo. Sindinganene kuti BP yawo yatha, ndipo funso lawo lija la chaka chamawa palibe wawayankha mpaka lero. Koma anabwerera pansi pa mtengo, ndipo masiku ano akagwira cholakwa amakuwa ofesi yonse imve.

Tinagwirizananso kuti kalata iliyonse yokhudza mlandu wa munthu, kaya chenjezo kaya kuimitsa malipiro, siituluka kapitawo wa munthuyo asanafunsidwe ndiponso wamkulu asanasaine. Wosainayo ndiye mwini nkhani. Izi zikumveka zazing'ono, koma kwa kalaliki wamng'ono ndi mpumulo waukulu kudziwa kuti akaima n'kufunsa sakalipiridwa chifukwa chochedwa. Ndingakonde malo onse a ntchito atalemba zimenezi poyera: makina akalakwa, ndani ayankhe? Pakadali pano m'malo ambiri makina akachita bwino ulemu ndi wa amene anawagula, akalakwa mlandu ndi wa amene anadina.

Pali china chimene mantha akubala chimene mabwana sakuchiona. Munthu amene wapanikizika, ndipo akuopa kufunsa, amatulutsa foni yake pansi pa desiki n'kufunsa mapulogalamu aulere aja kuti amuthandize. Kuti amuthandize bwino amakoperamo zonse, mayina a anthu, manambala a ziphaso za unzika, malipiro, ngakhale zikalata za kuchipatala zonena matenda a munthu. Zimenezo zapita ku makompyuta a kunja, ndipo iye sadziwa amene akuzisunga. Dziko lino lili ndi lamulo loteteza zinsinsi za anthu, Data Protection Act la mu 2024, limene a MACRA anapatsidwa udindo woliyang'anira. Koma kalaliki wa pa esiteti ndani anamuuza? Akadzagwidwa adzamuchotsa ntchito chifukwa cha lamulo limene sanamvepo, pa cholakwa chimene anachita pofuna kumaliza lipoti la abwana omwewo. Kumuuza zoyenera kuika ndi zosayenera kuika sikungatenge ngakhale ola limodzi.

Ndamva kuti m'makampani ena a m'tauni anthu akadandaula amawatumiza kwa alangizi a za maganizo. N'zabwino, ndipo munthu amene tulo tamuthawa, kapena wayamba kumwa kuposa kale, kapena akuyankhula zotaya mtima, asachite manyazi kupita kukiliniki kapena kwa abusa kapena kwa shehe wake. Amuna makamaka, poti inu mumafa ndi mawu m'mimba. Koma bwana asaganize kuti akalipira mlangizi ndiye wathana nazo. Munthu akachoka kwa mlangizi akubwerera ku desiki yomweyo, ku malipoti omwewo, ku funso lomwelo losayankhidwa. Chepetsani kaye katundu. Pulogalamu yatsopano ikabwera, kwa miyezi ingapo musayembekezere liwiro. Musabweretse zitatu nthawi imodzi. Ndipo chonde, musaiyambitse mwezi wa Januwale tiyi ali pachimake, pamene ofesi yadzaza ndi mayina a antchito a nyengo ndipo aliyense akugona mochedwa kale. Miyezi ya chilimwe ilipo, tiyi akachepa.

Si kuti njira yabwino yobweretsera zinthuzi sikudziwika. Alimi ena ku Mulanje akugwiritsa ntchito Ulangizi, pulogalamu ya pa WhatsApp imene bungwe la Opportunity International linakonza, yoyankha mafunso a zaulimi m'Chichewa. Chimene chinandigwira mtima nditamva za iyo n'choti ambiri amaigwiritsa ntchito kudzera mwa munthu wa m'dera lawo amene ali ndi foni, amene amakhala nawo pansi, n'kufunsa, n'kukambirana yankholo limodzi. Ngati izi zatheka kwa mlimi wa kumudzi amene munda wake unakokoloka ndi namondwe wa Freddy mu Malichi 2023, zingalephereke bwanji mu ofesi ya kampani yokhala ndi magalimoto ndi jenereta?

Ndiponso akatswiri sali kutali. Yunivesite ya MUST ili konkuno ku Ndata, ndipo mu 2023 inatsegula likulu loona za AI. Ife timangoona mabasi a ophunzira akudutsa pa Goliati. Bwanji ophunzira amenewo, ambiri a iwo olankhula Chichewa ngati ife, osabwera pa holide kudzakhala ndi makalaliki a m'maesiteti, a m'masukulu ndi a m'zipatala zing'onozing'ono? Iwo angaone mavuto enieni amene makinawa akukumana nawo m'dziko lino, ife tingapeze womufunsa popanda mantha. A TEVETA nawonso, amene olemba ntchito amasonkhako ndalama za maphunziro, akonze timaphunziro tatifupi ta anthu amene ali kale pantchito, m'chiyankhulo chawo, osati ta achinyamata ongochoka kusukulu okha. Makampani a tiyi amadziwa kufunika kofufuza chinthu asanachifalitse. Mbewu yatsopano ya tiyi imayesedwa zaka kumalo a kafukufuku wa tiyi ku Mimosa, ku Mulanje, isanafike m'minda. Pulogalamu yokhudza malipiro a anthu nayonso iyesedwe kaye pa divishoni imodzi, anthu ake anene zimene aona, kenaka ifalikire.

Kwa anzanga a m'maofesi, makamaka a msinkhu wanga, ndingoti funsani. Ngati simungathe pamaso pa bwana, pezani mnzanu mmodzi. Mudzadabwa kuona kuti amene mumamuona ngati katswiri nayenso akungoyerekeza. Ndipo zimene mukudziwa za anthu ndi za malo musazione zachabe chifukwa sizili m'kompyuta. Zilembeni, zinenani, poti tsiku limene mudzachoke osazinena makalata a chenjezo adzapitadi pamaliro.

Mvula ya Disembala ikagwa mayina atsopano ayambanso kuthiridwa m'makinawa, ndipo ndamva kuti maesiteti ena ayamba chaka chino. Ndikupempha a ofesi ya zantchito ya pa boma la Thyolo ndi la Mulanje kuti poyendera malo a ntchito azifunsanso za zimenezi: anthu anaphunzitsidwa masiku angati, m'chiyankhulo chanji, bandulo akulipira ndani, ndipo anauzidwa chiyani za tsogolo la ntchito zawo. Inunso Akonzi titumizireni mtolankhani. Asakathere mu ofesi ya manijala kumene akamupatse tiyi wa mkaka ndi kumuonetsa sikirini yokongola. Akadikire makalaliki ndi akapitawo poweruka, ndipo akawafunsire kunja kwa geti, chifukwa mkati sangamuuze kanthu.

Kalaliki wa malipiro,
Thyolo